Eyisi ndi Kingi si malipiro a pamwezi

Loweruka lapitali ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu mu Fomu 3 ndi Fomu 4. Ine ndinali pa siteji ya Mbulumbuzi kudikira minibasi ya ku Limbe, iye atakhala pa njinga yamoto ya kabaza, maso ali pa foni. Dzina lake sinditchula, anzake a m'kalasi amudziwa okha. Atandipatsa moni anayamba kudandaula. "Aphunzitsi, masamu anu aja ndi abodza. Dzulo ndinagwira Eyisi ndi Kingi kanayi konse, koma onse anayiwo ndinadyedwa." Ndalama zimene zinapita usiku umenewo zinali za mwini njinga, zoti akapereke Lamlungu.

Ndinamufunsa funso limodzi: makhadi atatu oyamba atagwa patebulo, wopanda Eyisi kapena Kingi, unatsala ndi makhadi angati okupulumutsa? Anandiyang'ana ngati ndamufunsa m'Chigiriki. Mnyamata ameneyu anakhoza masamu pa MSCE, ndipo anakhoza bwino. Minibasi inandisiya ndili chilili, chifukwa manyazi anagwira ine kuposa iye.

Ndiye lero ndikufuna tikangane pang'ono, aphunzitsi anzanga, ndi inunso ana anga amene munadutsa m'manja mwathu. Mfundo yanga ndi imodzi. Makhadi aakulu amene sanagwirizane ndi a patebulo ndi chiyembekezo chabe, ndipo chiyembekezo chili ndi mtengo wake umene mwana wa Fomu 4 angawerengere pa chikhatho. Ngati ana athu sakutha kuwerengera mtengo umenewu, olakwa oyamba ndife amene timagwira choko.

Kwa amene simudziwa masewerawa, ndifotokoze mwachidule. Dzina lake ndi limit hold'em, mtundu wina wa poker. Paketi ili ndi makhadi 52. Aliyense amalandira makhadi awiri obisa. Kenaka patebulo pamaikidwa makhadi atatu oonekera, amene amatchedwa flop, ndiye limodzi lina lotchedwa turn, ndiye lomaliza lotchedwa river. Makhadi asanu a patebulowa ndi a aliyense. Wopambana ndi amene waphatikiza bwino makhadi ake ndi a patebulo: peyala imaposa wopanda peyala, mapeyala awiri amaposa imodzi, makhadi atatu ofanana amaposa mapeyala awiri, choncho kumapita m'mwamba. Mawu oti limit akutanthauza kuti suungangoponya ndalama zonse mmene wafunira. Muyeso ndi woikika. Tinene kuti tebulo ndi la K500 ndi K1,000: usanaone flop komanso pa flop umaika kapena kukweza ndi K500, pa turn ndi pa river muyeso umakhala K1,000. Ndalama zonse zoikidwa zimaunjikana pakati, m'poto.

Tsono vuto la mnyamata wathu ndi ili. Wagwira Eyisi ndi Kingi. Wakweza, anzake atsatira. Flop yagwa 9, 6 ndi 2. Makhadi ake onse awiri ndi aakulu kuposa aliwonse a patebulo, ndiwo amene osewera amati overcards. Amaoneka okongola zedi. Koma panthawi imeneyo munthu amene wagwira 2 ndi 3, makhadi onyozeka kwambiri, wamuposa kale, chifukwa ali ndi peyala ya ma 2. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo zimenezi si tsoka ayi. Tengani cholembera. Mukachotsa makhadi anu awiri, atsala 50. Mwa amenewa, ma Eyisi atatu ndi ma Kingi atatu ndiwo angakupatseni peyala, 44 otsalawo ayi. Njira zosankhira makhadi atatu mwa 50 zilipo 19,600. Njira zosankhira atatu mwa 44 aja zilipo 13,244. Gawani, mupeza pafupifupi 68 pa 100 aliwonse. Kunena kwina, pa maulendo atatu aliwonse amene mwagwira Eyisi ndi Kingi, awiri flop idzakudutsani osakupatsani peyala. Mnyamata wathu ankaona ngati wina wamulodza, pamene chinamuchitikiracho ndicho chimachitika kawirikawiri.

Flop ikakudutsani, funso ndi lakuti mupitirize kulipira kapena mutaye makhadi. Makhadi amene simunawaone tsopano ndi 47. Okupulumutsani ndi asanu ndi limodzi aja. Ndiye mwayi woti khadi la turn likupatseni peyala ndi 6 pa 47, pafupifupi 13 pa 100. Oipa alipo 41, abwino 6, kutanthauza kuti pa ulendo umodzi umene mwapeza peyala pali maulendo pafupifupi asanu ndi awiri amene mwaphonya. Mukadikira mpaka river mwayi umafika pafupifupi 24 pa 100, koma musaiwale kuti khadi lachiwirilo muligula padera, ndipo pa mtengo wowirikiza.

Apa ndi pamene poto amalowera. Ngati mukuphonya kasanu ndi kawiri pa kupambana kumodzi, ndiye K500 yanu ikhale ikuthamangira poto wosachepera K3,500, apo ayi mukugula mbuzi pa mtengo wa ng'ombe. Tiyeni tione zitsanzo zitatu, makhadi anu ali omwewo.

Choyamba: anthu asanu mwaika K1,000 aliyense, m'poto muli K5,000. Flop ndi 9, 6, 2, makhadi a mitundu yosiyana. Mmodzi waika K500, ena ataya, inu ndinu omaliza kuyankha. Poto wafika K5,500, mtengo wanu ndi K500. Mukulandira 11 pa 1 iliyonse pamene mumafuna 7. Apa tsatirani, palibe cholakwika.

Chachiwiri: poto yemweyo wa K5,000, flop yomweyo. Woyamba waika K500, wachiwiri wakweza kufika K1,000, mpira uli kwa inu. Poto ndi K6,500, mtengo wanu ndi K1,000. Tsopano mukulandira 6 ndi theka pa 1. Zachepa kale. Komanso woyamba uja angathe kukwezanso inu mutalowa, n'kukupanani pakati ngati chimanga pa mphero. Apa tayani makhadi, ngakhale mtima ukuwawa.

Chachitatu: poto yemweyo, koma flop ndi 9, 8, 7, awiri mwa iwo ndi a mtima, inu mulibe wa mtima ndi mmodzi yemwe. Pa tebulo la anthu asanu, wina akhoza kukhala kuti wandanditsa kale makhadi asanu otsatizana. Wina akudikira khadi la mtima kuti akwanitse asanu a mtundu umodzi. Eyisi wa mtima akagwa, inu musangalala kuti mwapeza peyala, pamene khadi lomwelo lamumalizira mnzanu chokuphera nacho. Apa musawerengenso n'komwe. Wina akangoika ndalama, tulukani.

Chitsanzo chachitatuchi chikutiphunzitsa chinthu chimene anyamata a pa foni safuna kumva: makhadi asanu ndi limodzi aja si onse oyera. Anthu osewera mwachisawawa amakonda kusunga Eyisi aliyense, kaya ali ndi 9, kaya ali ndi 6. Ndiye pa flop ya 9, 6, 2, Eyisi akagwa pa turn, inu mwapeza peyala imodzi, mnzanu wa Eyisi ndi 9 wapeza awiri, ndipo mumulipira K1,000 pa turn ndi K1,000 ina pa river muli kumwetulira. Ngati wina wabisa ma 6 awiri, ali ndi atatu ofanana, ndipo peyala yanu ya ma Kingi ndi chinthu chopanda ntchito. N'chifukwa chake anthu akachuluka m'poto, munthu wanzeru amachotsera. Akawerenga anayi m'malo mwa asanu ndi limodzi, amafuna poto wa pafupifupi 11 pa 1. Akawerenga atatu, amafuna pafupifupi 15 pa 1. Chitsanzo choyamba chija, chimene chimaoneka chonona, chimangokwanira ndendende mukachotsera chonchi.

Pa turn zinthu zimaipiraipira. Makhadi osaoneka atsala 46, mtengo wakwera kufika K1,000, ndipo latsala khadi limodzi lokha. Tinene kuti m'poto muli K6,500, wina waika K1,000. Mukulandira 7 ndi theka pa 1. Makhadi anu onse asanu ndi limodzi akanakhala oyera, zikanangokwanira pang'ono. Akakhala anayi, mumafuna 10 ndi theka. Ndalama zambiri za anthu a Eyisi ndi Kingi zimathera pomwepa, pa turn, pamene munthu akuti "ndafika kale apa, ndingoona lomaliza."

Ndisakunamizeni kuti yankho nthawi zonse ndi kuthawa. Mukatsala awiri okha, inu ndi mnzanu mmodzi, nkhani imasintha. Nayenso flop imamudutsa kawiri pa katatu ngati sanabise peyala, ndiye nthawi zambiri Eyisi wanu wopanda peyalayo ndiye akutsogolabe. Apo muyenera kuika ndalama, ndipo musamataye makhadi mwamantha chifukwa wina wangotsokomola. Palinso kachenjerero kena kwa amene ali womaliza kuyankha: kukweza pa flop pamene muyeso uli K500, kuti anzanu achite mantha akudutsitseni pa turn, inu muone khadi la river osalipira K1,000. Izi zimagwira ntchito pa anthu ofatsa okha, pa munthu waukali mudzangodziwotcha. Ndipo ngati muli ndi makhadi atatu a mtundu umodzi pophatikiza anu ndi a patebulo, mungawonjezere khadi limodzi kapena limodzi ndi theka pa chiwerengero chanu, osapitirira apo. Zonsezi mutu wake ndi umodzi: onani kuchuluka kwa anthu, onani maonekedwe a flop, onani kukula kwa poto, onani pamene mwakhala. Kukongola kwa makhadi anu kulibe gawo pa masamu amenewa.

Mnyamata wathu sanaone chilichonse mwa zinayizi. Iye ankaona Eyisi ndi Kingi ngati malipiro a pamwezi, chinthu chimene wagwirira ntchito ndipo ayenera kulandira. Atakweza asanaone flop, mumtima mwake poto anali wake kale, ndipo aliyense womulanda anali wakuba. Choncho ankalipira pa flop, n'kulipira pa turn, n'kulipiranso pa river ali ndi Eyisi wopanda kanthu, kuti "aone ngati akunama." Ndalama imene mwaika kale m'poto si yanunso. Funso lokhalo ndi lakuti K1,000 imene idakali m'thumbayi ikugula chiyani.

Tsopano ndibwere kwa inu, aphunzitsi anzanga, chifukwa mkwiyo wanga weniweni uli kwa inu ndi ine. Zaka zingapo zapitazo, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, ndinalowa m'kalasi la Fomu 4 ndi paketi ya makhadi kuti tiphunzire probability. Ana amene amagona ikangokwana 11 koloko tsiku limenelo anali maso gwa. Mawa lake ndinaitanidwa ku ofesi. Makhadi anga analandidwa, ndipo ndinauzidwa kuti sukulu si malo a juga, makolo akamva titani. Mnzanga wina mu sitafu rumu anawonjezera kuti makhadi ndi zida za Satana. Ndinabwerera ku mipira yofiira ndi yobiriwira ya m'thumba, thumba limene palibe mwana analionapo, mipira imene palibe mwana anaigwirapo. Mnyamata wa kabaza uja anali m'kalasi la chaka chotsatira. Anaphunzira za mipira, anakhoza mayeso a MANEB, ndipo sanadziwe kuti funso la "mpira wachiwiri osabwezera woyamba" ndi funso lomwelo la 6 pa 47 kenaka 6 pa 46.

Amene amati makhadi alibe malo m'kalasi la masamu sadziwa kumene mutu umenewu unachokera. Mu 1654, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana makalata ku France pa funso la juga: masewera akadukira pakati, ndalama za m'poto zigawidwe bwanji? Amene anautsa nkhaniyi kwa Pascal anali Chevalier de Méré, munthu wokonda juga. Iwo asanabadwe n'komwe, Gerolamo Cardano wa ku Italy anali atalemba kale buku la masamu a juga, limene linasindikizidwa mu 1663 iye atamwalira kalekale. Probability imene timalemba pa bolodi inabadwira pa tebulo la otchova juga. Ife taichotsa kwawo, taiveka yunifolomu, ndipo tikudabwa kuti ana sakuizindikira akakumana nayo pa msika.

Ngakhale masewera enieni a limit hold'em akhala nkhani ya anthu a masamu kwa zaka zambiri. David Sklansky analemba buku la hold'em mu 1976, ndipo kuwerengera poto kumene ndaonetsa pamwambapa ndi nzeru imene mabuku oterewa akhala akuphunzitsa kuyambira nthawi imeneyo. Mu Januwale 2015, akatswiri a pa University of Alberta ku Canada, motsogozedwa ndi Michael Bowling, analengeza m'magazini ya Science kuti pulogalamu yawo ya kompyuta yotchedwa Cepheus yafika poti munthu sangaigonjetse pa limit hold'em ya anthu awiri, ngakhale atasewera nayo moyo wake wonse. Ganizirani zimenezo. Kwinaku anthu a madigiri anamaliza kale masamu a masewerawa akakhala a anthu awiri, kuno mwana wathu akulowa pa tebulo la pa intaneti ndi ndalama za mwini njinga, chida chake chili "ndikumva kuti Kingi akubwera."

Ndikudziwa chimene muyankhe. Muti aphunzitsi awa akuphunzitsa ana juga. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sindilizemba. Lamulo la dziko lino sililola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo bungwe la MAGLA lilipo kuti liziyang'anira zimenezi. Ine sindinalolepo tambala imodzi kuikidwa pa desiki m'kalasi langa, ndipo sindidzalola. Koma tisanamizane. Juga sinadikire chilolezo cha ahedi kuti ifike pa Mbulumbuzi. Ili m'mafoni, ili m'tinyumba ta kubetcha mpira, ili pa kandege kamene anyamata amakayang'ana kakukwera mpaka ndalama ya ndiwo itauluka nako. Yendani kuchokera pa Njuli mpaka pa Namadzi madzulo, muwerenge mitu yoweramira mafoni. Titatseka pakamwa m'kalasi, mwana sanasiye kusewera. Chimene anasowa ndi masamu basi.

Ndipo masamu owona salimbikitsa juga, amaivula. Eni ake a kandege amanena okha kuti masewerawo amabweza 97 pa 100 ya ndalama zoikidwa. Anyamata amamva ngati ndi nkhani yabwino. Mwana wodziwa probability amamva kuti pa K100 iliyonse imene waika, K3 yapita, ndipo akaizunguliza ndalama yomweyo kambirimbiri usiku umodzi, ma K3 aja amadya thumba lonse. Pa poker, mwini tebulo amatapa kagawo kake m'poto aliyense, ndiye anthu a luso lofanana akasewera mwezi wathunthu, mukaphatikiza ndalama zawo onse amatuluka ataluza, wopindula ndi mwini tebulo. Onaninso zimene tapeza pamwambapa. Munthu wowerengera, atagwira makhadi amene ali m'gulu la abwino kwambiri mu paketi yonse, nthawi zambiri pa tebulo la anthu ambiri masamu amamuuza kuti taya. Phunziro loyamba la kuwerengera ndi kudziletsa. Ndipo wowerengera mpaka kumapeto amazindikira kuti ndalama ya mwini njinga, ya fizi kapena ya feteleza siyenera kufika pa tebulo n'komwe, chifukwa ngakhale wosewera bwino amatha kuluza masiku ambiri otsatizana.

Ena mwa inu muti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu ndi wabwino pa nyanga ya nsatsi. Koma apa chofota ndi njinga ya munthu wina, banja la mnyamata ndi dzina lake pa siteji. Kumusiya kuti aphunzire ndi misozi chinthu chimene ife tikanamuphunzitsa ndi choko pa mphindi 40 ndi ulesi wathu, tisauveke dzina la nzeru za makolo.

Ndiye pempho langa kwa aphunzitsi a masamu ndi ili. Mukafika pa probability chaka chino, pitani kaye kwa ahedi ndi a komiti ya makolo, muwafotokozere chimene mukufuna kuchita, kuti zisakuonekereni zimene zinandionekera ine. Kenaka lowani ndi paketi ya makhadi. Ikani Eyisi ndi Kingi m'manja mwa mwana mmodzi, 9, 6 ndi 2 pa desiki, ndipo mufunse kalasi kuti ndi angati akuona kuti khadi lotsatira limupatsa peyala. Manja adzakwera ambiri. Tembenuzani khadi, lembani pa bolodi, sakanizani otsalawo, bwerezani maulendo 47. Akadzaona kuti chiwerengero chikuzungulira pa 6, adzakhala aphunzira chinthu chimene mipira ya m'thumba sinawaphunzitsepo. Mukatero muwapatse funso la kandege ngati homuweki.

Kwa inu ana anga akale, amene ena ndinu madalaivala, ena manesi, ena mukusakabe ntchito: ine sindingakulandeni foni, munakula. Chimene ndingakonde n'chakuti musasewere n'komwe. Koma ngati mwakakamira, musadzandiuzenso kuti masamu anga ndi abodza. Werengani makhadi okupulumutsani, chotserani odetsedwa, yerekezani ndi poto, ndipo nambala ikakana, tayani Eyisi ndi Kingi ngati mmene mumatayira 7 ndi 2.

Mnyamata uja ndinamuonetsa zonsezi kuseri kwa risiti ya shuga, titakhala pa benchi ya pa siteji. Atafika pa 6 ndi 47 anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, bwanji simunatiuze chonchi ku sukulu?" Ndinalibe yankho labwino. Anandinyamula pa njinga yake mpaka pa Njuli kumene ndinapeza minibasi ina, ndipo anakana ndalama yanga. Ndinamukakamiza kulandira, chifukwa Lamlungu linali mawa lake ndipo mwini njinga anali kudikira.